Mtsuko wa Nyemba wa NyaTembo

Chaka chimene ndikunena ndi cha njala ija ya 2001 kulowa 2002. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Jenda, kumwera kwa Mzimba. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ndinakwatiwa ndi kalaliki wa pa Boma la Mzimba, ndipo atamwalira nyumba imene tinkakhala anaipereka kwa wina. Akuofesi anandipezera malo kusukulu ya kumudzi kumene kunali kanyumba ka aphunzitsi kopanda munthu. Ndinapita kumeneko ndi mwana wanga Tiyamike, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ziwiya zochepa ndi wailesi ya malemuwo. Chitumbuka ndinkachimva, koma poyankhula lilime linkalemera. Anthu ankanditcha Asambizgi, ndiye kuti aphunzitsi, ndipo mpaka lero ambiri kumeneko dzina langa lenileni salidziwa.

Meyi, njala isanafike

Mudzi woyandikana ndi sukuluyo unali ndi mwambo umene sindinauonepo kwina. Ankautcha Kujala Munda, kutanthauza kutseka munda. Unkachitika kumapeto kwa Meyi akamaliza kukolola, chisanu cha Juni chisanalowe, ng'ombe zisanamasulidwe kuti zikadye mapesi. Tsikulo anthu onse ankakumana m'munda umene wakololedwa pomaliza. Ankaphika maungu, mbatata ndi nyemba zatsopano, n'kumamwera chindongwa, thobwa la kumeneko.

Koma nkhani yaikulu inali mbewu. Mayi aliyense ankasankha mbewu ya chaka chamawa n'kuisungitsa m'nyumba ya munthu wina, osati mwake. Chimanga wosungayo ankachibweza mvula yoyamba ikagwa. Nyemba ankazibweza kumapeto kwa Febuluwale, chifukwa kumeneko amabzala nyemba pakati pa mizere chimanga chikamasula. Nthawi isanakwane, wosunga sankaloledwa kubweza mbewu, ngakhale mwini wake abwere akulira.

Chaka chimenecho mvula inachuluka mopitirira, chimanga chinachita chikasu m'madzi, ndipo nkhokwe zambiri zinangofika theka. Mwambo unachitikabe. Ine ndinangopita kukaonerera, nditakhala pambali ndi Tiyamike. Ndiye kunabwera NyaTembo, mkazi wa a Shaba, mayi wamfupi wosayankhulayankhula, wa ana anayi. Anagwada n'kutsitsa mtsuko patsogolo panga. Kukamwa kwake kunali komata ndi dothi.

"Asambizgi, izi ndi nyemba zanga. Mundisungire."

"Ine? Amama, ine ndine mlendo. Mwambo wanuwu sindiudziwa."

"N'chifukwa chake ndabwera kwa inu. Kuno aliyense ndi mbale wa mnzake. Mlamu wanga ndikamulirira, mbwenu andipatsa. Inu mulibe mbale kuno, komanso mumalandira malipiro. Nyemba zanga simungazikhumbire."

"Nanga mukadzazifuna nthawi isanakwane?"

"Mudzandikanize. Ngakhale nditukwane, mudzandikanize."

Ndinaseka, ndikuona ngati ndi zocheza. Mtsukowo ndinakauika kuchipinda kuseri kwa chitseko, n'kuufunditsa chiguduli, ndipo kwa miyezi isanu ndinkangoukumbukira posesa.

Novembala

Mvula inagwa pakati pa mwezi. Osunga chimanga anabweza, anthu anabzala. Koma pofika nthawiyo nkhokwe zambiri zinali zitatha kale, chinthu chimene zaka zina chimachitika mu Januwale. Amayi ankabwera kuchigayo ndi tizimbale m'malo mwa madengu.

Ahedi anandipatsa kamunda kuseri kwa sukulu. Ine khasu ndinali nditalisiya ndili mtsikana, ndipo mizere yanga inatuluka yokhotakhota. NyaTembo anadutsa tsiku lina akuchokera kudambo, anaima, n'kuyang'ana. M'mawa mwake ndinamupeza akuwongola mizereyo ali ndi mwana wake wotsiriza, Wezi, kumsana. Wezi anali kamtsikana ka zaka ziwiri, konenepa masaya, kokonda kukoka ndolo zanga.

Mwezi womwewo a Shaba ananyamuka ndi amuna anzawo kupita kumaesiteti a fodya kumalire a Kasungu. Ankati kumeneko ganyu amalipira ufa. Ntchito ya kumunda yonse inatsalira NyaTembo.

Disembala

Malipiro akatuluka ndinkapita ku Jenda kukagula chimanga. Mu Julaye ndowa imodzi sinkandipweteka. Mu Disembala ndowa yomweyo inadya pafupifupi theka la malipiro anga, ndipo ulendo wotsatira ogulitsa anali atasiya ndowa, akuyezera kambale. Madeya amene kale tinkapatsa nkhuku ndi nkhumba anali atayalidwa pamsika ngati shuga.

Kudepoti ya chimanga pa Boma mtengo unali wabwinoko, koma chimanga chinkabwera mwa apo ndi apo. Ndinapitako kawiri. Ulendo woyamba ndinaima pamzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo chinatha patsogolo panga patatsala anthu owerengeka. Ulendo wachiwiri ndinapezako pang'ono, kongokwanira masiku khumi.

Pamzerepo m'pamene mphekesera zinkabadwira. Ena ankati malole a chimanga ali kale m'njira kuchokera ku Tanzania. Ena ankati chimanga chilipo koma anthu akuluakulu achitsekera kuti mtengo ukwere. Mayi wina wa ku Euthini anandiuza kuti ufa wa pamsika akumausakaniza ndi utuchi, ndipo kuyambira tsikulo ufa uliwonse ndinkaununkhiza kaye.

Kumudzi mitsuko inayamba kutsegulidwa. Sizinkalengezedwa. Unkangomva fungo la nyemba panyumba pamene dzulo panalibe moto, ndipo wodutsa aliyense ankayang'ana kumbali. Pa Khirisimasi ine ndi Tiyamike tinadya mgaiwa ndi nkhwani, ndipo tinali m'gulu la odya bwino.

Januwale

Sukulu itatsegulidwa, m'kalasi mwanga munabwera ana osakwana theka. Obwerawo ankagona pamadesiki isanakwane teni koloko. Ndinasiya kuwadzutsa.

NyaTembo anabwera Lachiwiri lina masana, mvula ikuwaza. Anakhala pakhonde, Wezi ali pamiyendo. Tinapatsana moni, tinakamba za mvula, tinakamba za mbozi m'chimanga. Kenako anati, "Asambizgi, ndabwerera mtsuko uja."

Ndinati, "Amama, Febuluwale sanakwane."

"Ndikudziwa. Ana anga lero ndi tsiku lachitatu akudya masamba okhaokha. Ndingotapa mbale imodzi, mbwenu timatanso."

"Munandiuza nokha kuti ndidzakukanizeni."

"Amene ananena zimenezo anali wokhuta." Sanakweze mawu. "Nyembazo ndi zanga. Ndinalima ndine."

Ndinalowa m'nyumba, n'kuima pafupi ndi mtsukowo. Ndinadzifunsa kuti ndine yani ine wokaniza mayi chakudya chake chomwe, ana ake akufota. Koma ndinali nditaonanso zimene zinkachitika kwa ena: palibe mtsuko umene unatsegulidwa n'kumatidwanso. Mbale imodzi inkaitana inzake mpaka pansi. Ndinatapa madeya amene ndinali nawo, ndinawagawa pakati, n'kutuluka nawo.

"Tengani awa. Mtsuko sindikupatsani."

Anayang'ana madeyawo nthawi yaitali. Anawalandira ndi manja awiri, anati, "Yewo," n'kunyamuka. Kuyambira tsikulo tikakumana kuchitsime ankayang'ana chidebe chake. Kutchalitchi anasamuka pabenchi imene tinkakhala limodzi.

Patapita sabata a Shaba anabwerako kumaesiteti. Anali ataonda mpaka kolala ya shati kulendewera, ndipo anangobwera ndi kathumba ka madeya. Tsiku lotsatira anafika pakhomo panga. Sanaodire.

"Amama, ndamva kuti katundu wa panyumba panga ali muno."

"Alimo, adada. Ndi mbewu."

"Ku Jenda mbale ya nyemba ikugula mbale zitatu za madeya. Ine ndi mwini nyumba. Tulutsani."

"Anandisungitsa ndi aNyaTembo, pamaso pa mudzi wonse. Ndidzabweza kwa iwo, nthawi ikakwana."

"Inu mwabwera liti kuno kuti mutiphunzitse mwambo wathu? Mwana wanga akafa, mudzamuika ndinu?"

Ndinangoima pachitseko, manja ali pamafelemu. Akanafuna akanandikankha ndi dzanja limodzi. Anandiyang'ana, anayang'ana Tiyamike amene anandigwira chitenje, n'kutembenuka. Popita anati, "Mulungu akuonani." Mawu amenewo anandikhala pamtima masiku ambiri.

Febuluwale

Malipiro a Januwale anachedwa. Ufa unatha, madeya anatha. Kwa masiku anayi ine ndi Tiyamike tinkadya nkhwani zothira mchere. Mwanayo anasiya kusewera, ankangokhala pakhonde dzuwa likumuwomba.

Tsiku lachinayilo masana ndinalowa kuchipinda ndi mpeni. Ndinachotsa chiguduli chija, n'kuyamba kukanda dothi la kukamwa kwa mtsuko. Ndinkadziuza kuti ndingotapa dzanja limodzi, ndidzabwezera malipiro akabwera. Dothi linayamba kugwa. Ndiye Tiyamike analowa n'kufunsa kuti, "Amayi, aNyaTembo abwera?" Ndinati ayi. Anati, "Nanga mukutsegulira ndani?" Ndinaika mpeni pansi. Ndinakanda dothi lina panja n'kumata pamene ndinakandapo, koma chigambacho chinkaonekera, chifukwa dothi la kusukulu ndi lofiira pamene la NyaTembo linali lakuda.

M'mawa mwake mwana wamkulu wa NyaTembo sanabwere kusukulu, ndipo anzake anandiuza kuti Wezi akudwala. Nditaweruka ndinapita. Ndinamupeza atagona pamphasa. Mapazi anali atatupa, tsitsi litafiira n'kupyapyala, ndipo nditamuweramira sanatambasule dzanja. Ndinabwerera kunyumba chothamanga, ndinasenza mtsukowo, n'kukautula pamaso pa NyaTembo.

"Tengani, amama. Ndalephera. Phikirani mwanayu."

NyaTembo anayang'ana mtsuko. Anapititsa chala pachigamba chofiira chija, n'kundiyang'ana kumaso. Ndinamuuza zonse, za mpeni ndi za funso la Tiyamike. Ndinkayembekeza kuti akwiya.

"Inunso mwafika pamenepo?" anafunsa. "Ine ndimayesa kwanu kukufuka utsi."

"Masiku asanu tsopano."

Kenako anati, "Yayi, Asambizgi. Bwererani nawo. Tsiku lija ndinakudani, sindinama. Koma kwatsala masabata awiri. Nyemba izi tikaphika, Lamlungu zatha, ndipo mu Meyi tidzalira kachiwiri. Komanso mwana wotupa chonchi nyemba sangazigaye. Uyu akufunika chipatala, koma ndalama ya galimoto ndilibe."

A Shaba anali atakhala pachitsa chapafupi, akumva zonse. Anaimirira, anasenza mtsukowo okha, n'kunditsogolera mpaka kunyumba kwanga. Anautula pakhonde n'kubwerera.

Kutacha ndinakulunga wailesi ya malemu amuna anga m'chitenje. A Shaba anabwereka ngolo, ndipo tinapita ku Jenda, ine, NyaTembo ndi Wezi. Wailesiyo ndinaigulitsa kwa mwini golosale wina pamtengo wachipongwe, chifukwa nthawi imeneyo aliyense ankagulitsa: njinga, mbuzi, malata a padenga. Ndalamayo inakwanira minibasi yopita ku Boma ndi kathumba ka ufa. Kuchipatala tinapeza amayi ambiri ali ndi ana otupa ngati Wezi, ena atagona pansi. Namwino amene anatilandira anali wa ku Dedza. Atamva Chichewa changa anamwetulira motopa, n'kunena kuti mwabwera naye nthawi yabwino, mukanachedwa sabata ina tikanakamba zina. Anayamba kumupatsa mkaka ndi kasupuni, kenako phala.

NyaTembo anatsala kuchipatala. Tisanasiyane anandigwira dzanja. "Mukafika, mukapite kwa apongozi anga. Mukawauze kuti ndati akuonetseni kuthengo. Inu mukufa ndi njala chakudya chili kuseri kwa sukulu yanu."

Apongozi akewo, NyaMoyo, anali mayi wokalipakalipa amene sankayankhula Chichewa n'kamodzi komwe. Ananditenga ngati mwana wa sitandade wani. Anandionetsa bowa wodyedwa ndi wakupha, akundimenya padzanja ndikalozera wolakwika. Anandionetsa pokumba tizilazi ta kudambo, ndi mmene amatiphikira n'kutaya madzi kawiri kuti tisawawe. Anandiphunzitsa kusinja nthochi zosakhwima n'kuziphika ngati phala. Sizinali zokoma, koma Tiyamike anayambanso kusewera. Ana atatu a NyaTembo ankadya kwathu masana, ufa wa wailesi uja tikuuthira pang'onopang'ono ngati mankhwala.

NyaTembo anabwerako mwezi ukupita kumapeto, Wezi ataphwa, akutha kukhala tsonga. Chimanga chinali chitamasula. Lolemba m'mawa anafika pakhomo panga ndi amuna ake ndi apongozi ake.

"Odi, Asambizgi. Tabwerera mtsuko."

"Nthawi yakwana, amama?"

"Yakwana."

Ndinautulutsa. Mantha anga onse anali pa anankafumbwe, kuti mwina pachigamba changa paja panalowa mphepo, ndiye tavutika chonsechi posunga fumbi. NyaTembo anagogoda dothi ndi chikwanje mpaka linasweka. Pamwamba panali phulusa. Anapisa dzanja, n'kulitulutsa lodzaza, n'kuuzira. Nyemba zofiira zamawangamawanga, zonse zamphumphu. NyaMoyo anatola imodzi, anailuma, n'kugwedeza mutu kuvomereza. Ine ndinakhala pansi pomwepo.

M'mudzi monse mitsuko imene inafika tsikulo yosatsegulidwa inali itatu. NyaTembo sanabzale zonse yekha. Amayi ankabwera m'mawa mmodzimmodzi, amanyazi, ndipo aliyense ankachoka ndi nyemba zodzaza manja awiri pakona ya chitenje. A Shaba anadandaula kuti zitha. NyaTembo anati, "Zikamera kwa anthu khumi, wakuba sangazimalize." Inenso anandipatsa, n'kundionetsa kubzala m'mbali mwa mizere.

Malichi

Anthu amati Febuluwale ndiye woopsa, koma ife tinaika anthu ambiri mu Malichi. Matupi anali atatopa. Okalamba awiri a m'mudzimo anapita sabata imodzi, ndipo pamaliro panalibe chophika. Okumba manda ankasinthana pafupipafupi chifukwa cha chizungulire.

Chimanga chitayamba kukhwima, kuba kunabuka. Amuna anamanga misasa m'minda. Kunkamveka nkhani zoopsa za zimene ankawachita akuba kumadera ena. M'mudzimo anagwira mmodzi m'munda mwa a Shaba, ndipo anapezeka kuti ndi msuweni wawo. A Shaba anamulanda thumba, anatsanula, n'kumubwezera chimanga chinayi. Anamuuza kuti mawa abwere masana adzapemphe ngati munthu.

Ambiri sanadikire kuti chimanga chiume. Ankathyola chachiwisi, kuchisinja n'kuphika chitibu, akudziwa kuti akudya nkhokwe ya mawa. Ife a nyemba tinapepukidwa, chifukwa patangopita masabata atatu tinayamba kutchola khwanya, ndipo maungu anali atayamba. Tsiku limene ndinadya dzungu loyamba ndinadya ndi makoko omwe.

Epulo

Mvula inayamba kudukiza. Ana anabwerera kusukulu, mmodzimmodzi, ena ndi chimanga chootcha m'matumba a yunifolomu. Ndinkawalola kudya m'kalasi. Mayina awiri m'kaundula wanga sanayankhidwenso; wina anamwalira, wina makolo ake anasamukira ku Zambia. Ku Jenda mtengo unayamba kutsika, ndowa zinabwerera pamsika. Malole amene tinkawayembekeza mu Disembala ena anafikadi, anthu atayamba kale kudya zakumunda.

Nyemba zinachita maluwa, zinabereka, ndipo mitolo yake inkalendewera pamapesi mpaka kusangalatsa.

Meyi

Chimanga chimene chinatsala chinali chochepa, koma nyemba zinachita bwino kuposa zaka zonse zimene anthu ankakumbukira. Mwina n'chifukwa choti mvula inatha mofatsa. Kamunda kanga kanatulutsa dengu ndi theka.

Panali kukayika ngati Kujala Munda kuchitike. Amayi ambiri anali atatsegula mitsuko ya anzawo, ena mowapempha eni ake, ena mwakabisira n'kudya okha. Panali anthu amene sankayankhulana. Ena ankati mwambo umenewu watha ntchito, wangodanitsa anthu. Koma ng'ombe sizikanamasulidwa munda usanatsekedwe, ndipo eni ng'ombe anaumiriza. Tsiku linaikidwa, Loweruka lomaliza la mwezi.

Munda womaliza kukololedwa unali wa a Shaba. Mwera unali utayamba, ndipo tinafika titafunda zitenje ziwiriziwiri. Amuna anagwetsa mkukwe womaliza, tonse tinasenda, ana akutola zogwa. Kenako tinakhala pamapesi. Mkulu wa mpingo anapemphera, ndipo asanati ameni anatchula mayina a onse amene tinawaika chaka chimenecho. Anatchula pang'onopang'ono, ndipo pa dzina lililonse kunkamveka kubuula kwa mayi wina. Chindongwa chinali chochepa, chikho chimodzi chinkayenda pa anthu atatu. Koma nyemba zinalipo zambiri, ndipo aliyense ankadziwa mtsuko umene zinachokera. Wezi ankayendayenda pakati pa anthu ndi chidutswa cha mbatata, tsitsi lakuda litayamba kumera pansi pa lofiira lija.

Nthawi ya mbewu inakwana. Palibe amene ankafuna kuyamba. Ndiye anaimirira mayi wina, NyaBanda, amene aliyense ankadziwa kuti anadya nyemba za mnzake NyaPhiri. Anakagwada pamaso pake wopanda mtsuko, anangotula dengu la nyemba. Anati, "Ndinadya. Ana anga ali moyo chifukwa cha nyemba zanu. Izi ndabweza." NyaPhiri analandira dengulo n'kumugwira paphewa, koma mtsuko wake anakaupereka kwa wina. Palibe amene anamudzudzula. Pambuyo pa NyaBanda ena anatsatira, ndipo zinatenga nthawi yaitali.

Ine ndinali nditakonza kamtsuko kanga, koyamba m'moyo wanga. Ndinakakatula kwa NyaTembo. "Amama, izi ndi nyemba zanga. Mundisungire."

Anaseka, koyamba kuchokera mu Disembala. "Mukadzabwera mukulira?"

"Mudzandikanize."

"Ndidzakukanizani chomene. Ndaphunzira kwa katswiri."

Nditabwerera pamalo panga ndinapeza mitsuko itandidikira. Wa NyaTembo unalipo, wa NyaPhiri, ndi ina itatu. Ndinachita mantha. Ndinaimirira n'kunena m'Chitumbuka changa chothyokathyoka kuti asandiyese wolimba, chifukwa inenso ndinatenga mpeni, ndipo ndinasenza mtsuko kukaubweza nthawi isanakwane. Amene anausunga ndi mwini wake ndi mwana wanga. NyaMoyo anayankha ali chikhalire, ndipo anthu anaseka. NyaTembo ananditanthauzira: "Akuti akudziwa. Akuti amene sanagwirepo mpeni sakumufuna, chifukwa sadziwa kuuika pansi."

Ndinati nyumba yanga ndi yaing'ono, pansi pamachita chinyontho, mitsuko isanu ndilibe poika. Dzuwa likupendeka anatsegula makola, ng'ombe zinalowa m'mapesi, ndipo amayiwo anandiperekeza aliyense atasenza mtsuko wake.

Juni

Lolemba lotsatira kunacha ndi chisanu choyera paudzu. Ndikukoleza moto ndinamva kuodira panja. Anali a Shaba, atavala chijasi chong'ambika, atasenza mitengo ndi nsungwi, nkhwangwa ili m'manja. Chiyambire tsiku lija la mu Januwale tinali tisanayankhulane kupitirira moni.

"Monire, Asambizgi."

"Yewo, adada. Mwalawira."

"Ndamva kuti mulibe poika mitsuko. Ndabwera kudzamanga thandala."

Ndinawalowetsa. Anayeza khoma ndi mapazi, anakumba mayenje anayi, n'kuyamba kuzika mitengo. Ndinawaphikira tiyi wopanda mkaka ndi mbatata. Anamwa ali chiimire, akuyang'ana ntchito yawo. Ndinkaona kuti pali mawu amene akuwavuta kutuluka, ndipo inenso ndinali ndi anga, koma tonse tinangokamba za chiswe ndi mtundu wa mitengo imene sichidya.

Atamaliza anakweza mitsuko isanu ija mmodzimmodzi. Panatsala malo aakulu.

"Adada, mwakulitsa. Mitsuko ndi isanu yokha."

Anapukuta manja pajasi, n'kutola nkhwangwa yawo.

"Chaka chino ndi isanu," anatero. "Inu musapemphe zosamuka."

Sindinapemphe. Ndinaphunzitsa pasukulu imeneyo zaka zina khumi ndi chimodzi, ndipo thandalalo a Shaba analiwonjezera kawiri.